KUMVA MAWU OFOOKA OCHOKERA KUTALI

Aŵerengi amene adakulira ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akukumbukira bwino mwambo wa madzulo. Bambo ankakhala pakhonde, wailesi ili pamiyendo, khutu ataligunditsa, chala chikupotokola pang'onopang'ono kufunafuna mawu pakati pa phokoso. Waya wa eriyo unkachoka padenga kukafika pa mtengo wa mango, ndipo mabatire akafooka ankayanikidwa padzuŵa. Masiku amenewo nyumba youlutsira mawu m'dziko muno idali imodzi yokha, ya MBC, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, kotero wofuna kumva zina ankatchera khutu kunja. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, mpaka kudzafika pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu ambiri m'malokesheni athu ankatsata nkhani za dziko lawo lomwe kudzera pa BBC ndi Channel Africa, mawu akubwera ndi kuthaŵa ngati mafunde a panyanja.

Lero luso limeneli latsala ndi okalamba okha. Mawailesi a FM ndi lamya za m'manja zidatizoloŵetsa mawu omveka bwino popanda kuvutikira. Koma FM ndi lamya zimadalira milongoti yapafupi, milongotiyo nayo imadalira magetsi. Tidaona zimenezi m'mwezi wa Januwale 2022: namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusoŵa. Magetsi atazima, lamya zambiri zidatha moto, ndipo mabanja a mu mzinda umodzi womwewu adagona osadziŵa ngati abale awo ali moyo. Nchifukwa chake nkhani ya lero, ngakhale ikuoneka ngati ya akatswiri okha, ikutikhudza tonse.

M'maiko ambiri muli anthu amene amachita za wailesi mwa chidwi chabe, osati kufuna malipiro. Pa Chingerezi amatchedwa radio amateurs. Amakhala ndi chiphaso cha boma, amadzipangira kapena kugula makina, nkumalankhulana ndi anzawo kutsidya kwa nyanja popanda mlongoti wa kampani iliyonse. Aliyense ali ndi dzina la pawailesi, ndipo la m'Malaŵi limayamba ndi 7Q. Chiphaso chake kuno amapereka ndi a MACRA, bungwe lobadwa ndi lamulo la mu 1998. Popeza eni dziko ochita zimenezi ndi oŵerengeka, alendo amachita kubwera ndi makina awo kudzakhala m'mphepete mwa nyanja yathu masabata angapo, kuti anzawo a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan akhale ndi mwayi wolankhulapo ndi Malaŵi.

Pakati pa anthu ameneŵa pali kagulu kamene kadasankha ntchito yovuta koposa, yomvetsera mafunde otsika kwambiri. Mafunde a wailesi amayesedwa ndi kHz, kutanthauza kugwedezeka ka 1,000 pa sekondi imodzi. Wailesi ya medium wave imene tinkamvera kale imayambira cha pa 530 kHz kukwera. Bungwe loona za mtokoma pa dziko lonse la ITU lidapatsa anthu achidwiŵa kampata ka pansi pa pamenepo: 135.7 mpaka 137.8 kHz pa msonkhano wa mu 2007, ndi 472 mpaka 479 kHz pa msonkhano wa mu 2012. Vuto lake ndi ili: funde limodzi la pa 136 kHz ndi lotalika pafupifupi mamita 2,200, ndipo eriyo yoyenera kuliponya bwino ikadakhala ya mamita 550 kupita m'mwamba. Palibe munthu wamba angaimike chinthu chotere pabwalo pake. Motero pa mphamvu yonse imene makina atulutsa, yochuluka imathera m'nthaka, ndipo imene imaulukadi siposa watt imodzi, malire amenenso lamulo lidaika. Mphamvu imeneyi ndi yofanana ndi ya katochi kakang'ono.

Kodi tsono mawu ofooka chotero angaoloke bwanji nyanja? Yankho lake lili m'mwambi wa makolo wakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Tayerekezani kuti muli pakati pa msika wa Ndirande, mnzanu ali kutsidya. Akayankhula mofulumira simungamve kanthu, pakuti mawu ake amira m'phokoso. Koma akaimba mluzu umodzi, wosasintha, kwa nthaŵi yaitali, khutu lanu lidzausiyanitsa ndi phokoso lonselo. Ndi mmenenso amachitira anthu ameneŵa. Mawu a munthu pawailesi amafuna mpata wa pafupifupi 3 kHz, ndipo mpata waukulu chotero umaloŵetsa phokoso lambiri. Iwo amachepetsa mpatawo kambirimbiri, natumiza uthenga mwapang'onopang'ono ndi zizindikiro za Morse, dontho limodzi kutenga masekondi 3, kapena 60, ngakhalenso kuposa apo. Khutu silimva kanthu, koma kompyuta imasonkhanitsa tizidutswato usiku wonse nkujambula kamzere kotuŵa pagalasi. M'mwezi wa Febuluwale 2001 anthu aŵiri, wina ku England wina ku Canada, adalankhulana mwa njira imeneyi pa 136 kHz, ndipo kuti amalize kupatsana uthenga waufupi padatenga masabata aŵiri.

M'chaka cha 2008 Joe Taylor, katswiri wa ku Princeton amene adalandira mphotho ya Nobel mu 1993, adatulutsa njira ina yotchedwa WSPR. Makina amatumiza dzina la mwini wake, malo ake ndi mphamvu yake m'mphindi zosakwana ziŵiri, pa kampata ka 6 Hz basi, ndipo kompyuta ya womvetsera imatha kuŵerenga uthengawo ngakhale phokoso likuuposa mphamvu kamazanamazana. Aliyense amene waumva amalembetsa pa intaneti, ndipo pamapu pamaoneka mzere wochoka kwa wotumiza kufika kwa wolandira. Woyang'ana mapuwo amaona Ulaya ndi North America zitadzaza, pamene mbali yaikulu ya Africa ili mbee, chifukwa omvetsera ndi ochepa.

Kumvetsera sikulira chuma chambiri ngati kutumiza. Eriyo yolandirira ingakhale waya wokulungidwa pa thabwa, kapena kamtengo kakuda ka ferrite kofanana ndi kamene kali m'mimba mwa wailesi yakale. Chofunika kwambiri ndi kudziŵa nthaŵi. Masana dzuŵa limasintha mpweya wa pamtunda wa makilomita 60 mpaka 90 m'mwamba, ndipo mpweyawo umameza mafunde a medium wave. Dzuŵa likaloŵa chotchingacho chimazimirira, mafunde nkumanjanja pakati pa thambo ndi dziko kufika kutali. Ndicho chifukwa chake makolo athu ankamva nyumba za mawu za ku Mozambique ndi kwina usiku okha. Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ziphaliwali za kuno ndi za kum'maŵa kwa Congo, dera limene lili m'gulu la malo a mphenzi zochuluka pa dziko lonse, zimadzaza wailesi ndi kuthetheka. Nthaŵi yabwino ndi usiku wautali wa Juni ndi Julayi, m'nyengo ya chiperoni.

Komabe mdani wamkulu lero ali m'nyumba zathu zomwe. Machaja a lamya otsika mtengo, mababu a LED, mainveta a sola ndi makina oŵotcherera zitsulo amene ali ponseponse ku Ndirande, zonsezi zimalavula phokoso la magetsi limene khutu silimva koma wailesi imamva. Amene ali ndi wailesi ya medium wave ayese yekha: aiyandikize ku chaja chimene chili pamoto, adzamva kulira ngati njuchi. Ayesenso usiku umene magetsi azima lokesheni yonse, adzadabwa kumva nyumba za mawu zimene sadazimvepo. Malo abata atsala m'mphepete mwa mzinda, monga kunsi kwa phiri la Michiru kupitirira Chilomoni, kapena kumapeto kwa Machinjiri kumene nyumba zatalikirana, ndipo nawonso akucheperachepera chaka ndi chaka. Phokoso limeneli silisokoneza anthu achidwi okha. Limagonthetsanso wailesi iliyonse imene tingadzaifune pa tsiku la tsoka.

Tinene chilungamo: uthenga wotenga usiku wonse sungaitane ambulansi. Pa nthaŵi ya ngozi anthu a wailesiŵa amagwiritsa ntchito short wave, makamaka cha pa 3,500 ndi 7,000 kHz, pamene waya womangidwa pakati pa mitengo iŵiri ndi batire ya galimoto zimakwanira kulankhula kuchokera ku Blantyre kufika ku Nsanje kapena ku Lilongwe. Adachita zotere ku Puerto Rico mu 2017, namondwe wa Maria atagwetsa milongoti ya lamya. Koma munthu wotha ntchito imeneyo ndi yemwe uja adaphunzira kumanga eriyo, kusaka gwero la phokoso ndi kudikira mawu ofooka osatopa. Mafunde otsika ndiwo sukulu yovuta koposa ya luso limeneli.

Tsono pali zinthu zitatu zimene tingapemphe. Choyamba, a MACRA alengeze poyera ndi m'Chicheŵa njira yopezera chiphaso chimenechi, ndipo mtengo wake ukhale woti mwana wa sukulu angaukwanitse. Chachiŵiri, sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, pamodzi ndi sukulu ya ntchito zamanja ya Soche, ziimike malo omvetserapo osatseka usana ndi usiku, kuti ophunzira azigwira waya ndi manja awo ndiponso kuti Blantyre aoneke pa mapu aja. Chachitatu, a Malawi Bureau of Standards aziyesa phokoso la zipangizo zamagetsi zoloŵa m'dziko muno monga ayesera zinthu zina. Amisiri okonza mawailesi ndi lamya tili nawo kale m'misika ya Bangwe, Limbe ndi Ndirande, ndipo ambiri a iwo akungosoŵa wowatsegulira khomo. Namondwe wina adzabwera ndithu, ndipo zidzathandiza ngati lokesheni iliyonse idzakhale ndi munthu mmodzi kapena aŵiri otha kutumiza ndi kulandira uthenga magetsi atazima.

M'chigawo chotsatira tidzaona mmene munthu angapangire eriyo yolandirira ndi zipangizo zopezeka pamsika.