Kalata kwa muphwa wanga amene ali ku India

Muphwa wanga,

Zithunzi za ku mapanga a Ajanta zija zafika. Mayi ako akuonetsa Kawale yense, makamaka cha Buddha wogona chammbali uja, wotalika mamita 7. Ine chandigwira mtima ndi ntchito yake. Mapanga pafupifupi 30 amenewo alibe njerwa ngakhale imodzi. Amisiri ankalowa m'phiri ndi nyundo ndi tchizulo, n'kumagoba mpaka nsanamira, denga ndi fano zitsale zili mwala umodzi. Ukaphonya pamphuno ndiye kuti waphonya basi, palibe chomatira.

Eni ake atachoka, tchire linatseka pakhomo mpaka 1819, pamene msilikali wa ku Britain, John Smith, anatulukirako ali kosaka nyama. Ndiye mkuluyo anatani? Anakanda dzina lake pansanamira, pamwamba pa chithunzi chakalekale.

Dzanja lotere ndinalionanso kwathu ku Dedza, pathanthwe la Chentcherere, pomwe anthu osadziwa kanthu analemba mayina awo ndi makala. Iwe ku Dedza umangokudziwira kachewere wa pamsewu, koma m'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo UNESCO inawazindikira mu 2006. Zofiira zija, mizere ndi zozungulira, ndi za Akafula. Zoyera, zopaka ndi chala choviika m'dothi, ndi za ife Achewa. Si zosema ayi, ndipo pa kukula sitingapikisane ndi Ajanta. Koma zathuzi eni ake akadalipo. Zilombo zojambulidwa ku Namzeze, amodzi mwa malowo, ndi zomwe zija zimatuluka kudambwe pamaliro ku Chinsapo kapena ku Mgona, ana n'kumwazikana, fumbi koboo.

Zina zoyerazo, zotambasula miyendo ngati buluzi, ndi za chinamwali. Pamenepo ine ndatseka pakamwa, mwamuna salowa kutsimba. Ku Indiako wolondolera alendo amakufotokozera zonse ukangolipira pakhomo. Kuno tanthauzo lili ndi anamkungwi, ndipo sapereka kwa aliyense wobwera ndi foni m'manja. Iwe akhoza kukuuza, bola upite wavala chitenje, ugwade, usafunse ngati wapolisi.

Akuti ukupitanso ku Ellora. Ukandijambulire kachisi wa Ahindu wa Kailasa, amene anamusema kuyambira pamwamba kutsika pansi. Ukayime kumtunda kwa thanthwe, ndione bwino pomwe anayambira.

Ndine atsibweni ako,
ku Kawale