Mwana Akafuna Kukhala Mlonda wa pa Kompyuta

Zotsatira za MSCE zikatuluka, m'makomo mwathu mumayamba nkhani ya maphunziro ndi ntchito. Unamwino, uphunzitsi, udokotala ndi ubusa timazidziwa bwino. Koma ana ena masiku ano akuti akufuna cybersecurity, ntchito yoteteza makompyuta, mafoni ndi zonse zosungidwamo kwa akuba a pa intaneti. Ife makolo tikamva zimenezi timakayikira, mwina poganiza kuti mwana akufuna kuphunzira kuba, kapena akungofuna chifukwa chokhalira pa foni tsiku lonse. Tisafulumire kumukaniza. Ntchitoyi ndi ya ulonda, ndipo imakhudzanso thanzi la anthu.

Lachisanu pa 12 Meyi 2017, pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inalowa m'makompyuta a m'mayiko oposa 150. Inkatseka zonse zosungidwa m'kompyuta n'kumauza mwiniwake kuti alipire madola 300 kuti atsegulidwe. Ku England inagwira zipatala za boma za NHS. Madokotala sanathe kuona mbiri ya odwala, maambulansi ena anatumizidwa ku zipatala zina, ndipo anthu pafupifupi 19,000 amene anayenera kuonana ndi dokotala kapena kuchitidwa opaleshoni anabwezedwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chotsekera mpata umene WannaCry inadzeramo m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Katemera analipo, koma makompyuta ambiri anali asanabayidwe.

Kwathu kuno tinaonanso zofanana. Mu Febuluwale 2024, a Lazarus Chakwera, ali Pulezidenti, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makompyuta osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kwa masabata angapo mapasipoti sanatuluke. Wodwala amene akuyembekezera kukalandira chithandizo kunja amadziwa kuwawa kwa kuchedwa koteroko.

Tsono mwana amene akufuna ntchitoyi akufuna chinthu chofunika. Amafunika kukhoza bwino masamu ndi Chingerezi. Ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kuli digiri ya Computer Systems and Security. Amene sanasankhidwe angayambe ndi maphunziro aulere a Cisco Networking Academy, kenako n'kulemba mayeso a satifiketi ngati CompTIA Security+. Ntchito zimapezeka m'mabanki, m'makampani a mafoni, m'boma ndi m'zipatala. Ena amakaphunzitsa m'makoleji, ndipo mphunzitsi wabwino pa ntchitoyi amakhala woti anaigwirako yekha.

Komabe pali zinthu zitatu zimene koleji siingamupatse mwana ngati sitinamupatse pakhomo.

Choyamba ndi khalidwe. Amene anaimitsa WannaCry anali mnyamata wa ku Britain wa zaka 22, Marcus Hutchins. Dziko lonse linamutamanda. Patangopita miyezi itatu anamangidwa ku Las Vegas, ndipo mu 2019 anavomera kuti kale, ali wamng'ono, anapangako pulogalamu yobera anthu zinsinsi za ku banki. Luso lotsegula ndi lotseka ndi limodzimodzi. Chimasiyanitsa mlonda ndi mbala ndi mtima komanso chilolezo. Kuno ku Malawi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo. Mwana amene amatsegula foni ya mlongo wake kapena kubera intaneti ya oyandikana nawo tisamuyamikire kuti ndi wanzeru. Timuuze kuti lamulo lachisanu ndi chitatu limagwira ntchito ngakhale chobedwacho chisaoneke ndi maso.

Chachiwiri ndi chisamaliro cha thupi. Ogwira ntchitoyi amakhala pampando maola ambiri, ena amagwira usiku, ndipo ambiri amadzilimbitsa ndi khofi ndi zakumwa zochotsa tulo. Mapeto ake ndi kupweteka kwa msana ndi khosi, kuuma kwa maso, kunenepa ndi kuthamanga kwa magazi. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Mphindi 20 zilizonse wogwira ntchito pa kompyuta aziyang'ana chinthu chimene chili pa mtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20, ndipo ola lililonse azidzuka n'kuyendako. Madzi akumwa, kuwala kwa dzuwa, mpweya wabwino ndi kupumula, zimene timaphunzitsa mu uthenga wathu wa zaumoyo, ndi zida zake za ntchito. Mlonda wosinza amalowetsa mbala.

Chachitatu ndi Sabata. Akuba a pa intaneti amakonda kumapeto kwa sabata ndi masiku a tchuthi, pamene maofesi ali ndi anthu ochepa. Makampani nawonso amakonda kukonza makompyuta awo Loweruka. Mwana wathu adzakumana ndi mayeso amenewa ndithu. Tiyeni timuphunzitse kutchula za Sabata pa nthawi yofunsidwa mafunso olowera ntchito, osati atasaina kale. Ntchito yokonzeratu ingathe kuchitika Loweruka dzuwa litalowa kapena Lamlungu, ndipo wachinyamata wodzipereka kugwira masiku amene anzake amakana amamvedwa msanga. Pamene makompyuta a chipatala agwidwa ndipo moyo wa odwala uli pangozi, nkhaniyo imafanana ndi ya namwino woitanidwa pa ngozi. Pakati pa ziwirizi pali milandu yovuta, yofunika pemphero ndi uphungu wa abusa. Chachikulu n'chakuti aiganizire isanafike.

Pa Ezekieli 33 timawerenga za mlonda amene udindo wake ndi kuchenjeza anthu. Ntchito ya cybersecurity nayonso theka lake ndi kuphunzitsa, chifukwa akuba ambiri sathyola chitseko, amatsegulilidwa ndi munthu wonamizidwa. Apa m'pamene tingayesere ngati mwana alidi ndi mtima wa ntchitoyi. Timupemphe aphunzitse agogo ake kuti PIN ya Airtel Money kapena Mpamba sauza munthu, ngakhale woimbayo anene kuti ndi wa kukampani. Afotokozere amayi a Dorika chifukwa chimene sitiyenera kutumiza nambala yachinsinsi yobwera pa uthenga wa pa foni. Athandize msungichuma ndi mlembi wa mpingo kusunga kope lina la zolembedwa zawo pamalo osiyana.

Ngati achita zimenezi moleza mtima, osanyoza wosadziwa komanso osasuzumira zinsinsi za m'mafoni amene wapatsidwa, tili ndi chifukwa chabwino chomufunira fizi. Ngati atopa ndi funso lachiwiri la agogo, tipitirize kumuphunzitsa pakhomo asanapite ku koleji.