Mtengo wa Khrisimasi ku Chipata: Kodi alimi a ku Kasenengwa angapindule nawo?

CHIPATA: Mwezi wa Disembala ukangoyamba, masitolo akuluakulu, mabanki, mahotela ndi matchalitchi ena mumzinda wa Chipata amaimika mitengo ya Khrisimasi yokongoletsedwa ndi timagetsi tamitundumitundu. Yambiri mwa mitengoyi ndi ya pulasitiki, ndipo imafika m'makatoni kuchokera kunja kwa dziko. Nthawi yomweyo, m'boma loyandikana nalo la Kasenengwa, lomwe linapatulidwa ku boma la Chipata m'chaka cha 2018, alimi amakhala ali kalikiliki m'minda, ndipo nthaka imakhala yonyowa, yoyenera kuwokerapo mbande za mitengo. Funso ndi lakuti: kodi ndalama zimene anthu a m'tauni amagulira mtengo wa chikondwererowu sizingafike m'manja mwa alimi amenewa?

Mwambo wa mtengo wa Khrisimasi unayambira ku Germany m'zaka za m'ma 1500. Unatchuka ku Britain m'chaka cha 1848 pamene nyuzipepala ina ya ku London inasindikiza chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi banja lake ataimirira pafupi ndi mtengo wokongoletsedwa. Ku Ulaya, Khrisimasi imachitika m'nyengo yachisanu pamene mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, choncho mtengo wobiriwira m'nyumba unali chizindikiro cha moyo. Kuno ku chigawo cha kum'mawa zinthu n'zosiyana, pakuti Khrisimasi imafika m'dzinja pamene tchire lonse lili biriwiri.

Ichi ndi chifukwa china chimene mtengowu sunazike mizu m'midzi. Kwa banja la kumudzi, Khrisimasi ndi mapemphero, mpunga, nkhuku ndi zovala zatsopano za ana. Ndalama zotsala zimapita ku feteleza ndi ku zofunika za kusukulu m'mwezi wa Januwale. Ogula mtengo wa Khrisimasi ndi a m'tauni, makamaka amalonda, mipingo ndi mabanja a anthu apantchito. Msikawu ndi waung'ono, koma umabwera chaka ndi chaka mosalephera.

Amalonda amakonda mtengo wa pulasitiki pa zifukwa zomveka. Sufota, suuma, ndipo ukapanda kugulidwa chaka chino amaubwezera m'katoni kudikira chaka chamawa. Nayenso wogula amalipira kamodzi n'kuugwiritsa ntchito kwa zaka zingapo. Komabe mitengo yotere yambiri padziko lonse imapangidwa ku China, kuchokera ku pulasitiki wa mtundu wa PVC ndi waya. Gawo lalikulu la ndalama zoigulira limatuluka m'dziko, ndipo kwacha ikachepa mphamvu poyerekeza ndi dola, wogula wa ku Chipata ndiye amalipira zambiri.

Palinso nkhani ya zinyalala. Pulasitiki ameneyu saola, ndipo akatenthedwa padzala, monga mmene anthu ambiri amachitira m'makomboni, amatulutsa utsi woipa m'thupi. Kabungwe ka ku Britain ka Carbon Trust kanawerengera kuti mtengo wa pulasitiki wotalika mamita awiri umawonjezera m'mlengalenga mpweya wotenthetsa dziko wokwana makilogalamu 40, pamene mtengo weniweni wa msinkhu womwewo, ukatenthedwa pambuyo pa chikondwerero, umawonjezera makilogalamu 3.5 okha. Motero wogula wa pulasitiki ayenera kuusunga kwa zaka pafupifupi khumi kuti kuwononga kwake kufanane ndi kwa mitengo yeniyeni. M'chaka cha 2018 boma la Zambia linaletsa timapepala tapulasitiki topyapyala kwambiri tonyamuliramo katundu, zomwe zikusonyeza kuti vuto la pulasitiki likudziwika kale.

Nawo mtengo weniweni wodula uli ndi zovuta zake. Minda ikuluikulu ya paini m'dziko lino, monga ya kampani ya ZAFFICO, ili makamaka ku Copperbelt, ndipo cholinga chake ndi matabwa. Kutsidya kwa malire a Mwami, ku Malawi, paini amachita bwino m'madera okwera ndi ozizira monga Dedza ndi Chikangawa. Munthu wa ku Chipata wofuna mtengo weniweni nthawi zambiri amangodula nthambi ya saipulesi pampanda wa nyumba. Nthambi yotere sichedwa kufota chifukwa cha kutentha kwa Disembala. Komanso lamulo la za nkhalango la chaka cha 2015 limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo.

N'zoona kuti mitengo ya Khrisimasi si imene ikutha nkhalango za dziko lino. Chiwerengero chimene boma lakhala likutchula kwa zaka zambiri n'chakuti Zambia imataya mahekitala 250,000 mpaka 300,000 a nkhalango pachaka, makamaka chifukwa cha kutsegula minda yatsopano, kuotcha makala ndi kudula nkhuni. Chilala cha chaka cha 2024, chimene mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko lonse, chinachititsa kuti magetsi azizima kwa maola ambiri, ndipo mabanja ochuluka a m'matauni anadalira kwambiri makala. Pa nthawi yotere, mwambo uliwonse wophunzitsa ana kuti mtengo ndi chinthu chongodula n'kutaya ndi wofunika kuuganiziranso.

Njira yachitatu ndi mtengo wamoyo wodzalidwa m'chitini kapena m'thumba. Kwa zaka zambiri, nyengo yodzala mitengo m'dziko la Zambia yakhala ikuyamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Januwale, ndipo Khrisimasi imagwera mkati mwenimweni mwa nyengoyi. Banja kapena mpingo ungagule kamtengo kamoyo, n'kukakongoletsa kwa masiku ochepa pakhonde kapena pamalo owala, kenako n'kukawokera panthaka mvula idakagwa. Sipafunikanso kuti mtengowo ukhale paini. Mtengo wa zipatso monga lalanje kapena mango ungagwire ntchito yomweyo, ndipo pambuyo pake banja lidzadyerapo.

Luso lofesa mbande lilipo kale m'derali. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a pamalo ofufuzira za ulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata, anagwira ntchito ndi alimi pa mitengo yobwezeretsa chonde m'nthaka, ndipo alimi ambiri anaphunzira kufesa mbande m'madimba mwawo. Kabungwe ka COMACO nako kakhala kakulimbikitsa alimi a m'chigawochi kudzala mitengo ya gilisidiya m'minda. Mlimi wa ku Kasenengwa amene amabweretsa kale tomato ndi repu pamsika wa Kapata panjinga angathe kubweretsanso timitengo tam'matumba.

Zopinga zilipo ndithu. Kamtengo kooneka bwino kamafuna kuthiriridwa chilimwe chonse pamene madzi amasowa, ndiponso kutetezedwa ku mbuzi ndi chiswe. Saipulesi amagwidwa ndi nsabwe za mitengo zimene zinawononga minda yambiri ku Malawi ndi m'maiko oyandikana nawo kuyambira m'chaka cha 1986. Choposa zonse, mlimi sangataye miyezi yambiri posamalira katundu amene sakudziwa ngati adzagulidwa.

Pachifukwachi, oyenera kuyambitsa msikawu ndi ogula akuluakulu. Mahotela, masitolo, mipingo ndi khonsolo ya mzinda wa Chipata atati apangane ndi magulu a alimi kumayambiriro kwa chaka, ndipo nthambi ya za nkhalango n'kupereka uphungu wa mitundu yoyenerana ndi nthaka ya kuno, mlimi angafese mbande akudziwa kumene adzagulitse. Yemwe ali kale ndi mtengo wa pulasitiki achita bwino kuusunga mpaka utatheratu. Koma amene akufuna kugula watsopano chaka chino ali ndi mwayi wofunsa kaye ngati pafupi pali mlimi wogulitsa mbande.