DZINO LIPULUMUKE LISADAFIKE POZULIDWA

Ndi chinthu chomvetsa chisoni kuti anthu ambiri a m'maboma a Balaka ndi Machinga amakumbukira dokotala wa mano pokhapo tsaya litatupa ndipo tulo titasowa. Munthu amapirira miyezi yambiri, kenaka nkukwera njinga kuchokera ku Phalula kapena ku Utale kunka ku chipatala chachikulu cha Balaka, kumene amakapempha chinthu chimodzi chokha: kuti dzinolo lizulidwe. Ena chimawachedwetsa ndi ulendo, koma ambiri amaopa jekeseni ndi kulira kwa makina oboolera dzino.

Anthu otere ayenera kudziwa kuti njira yosamalira dzino popanda makina oboolera ilipo. M'chaka cha 1945, dokotala wina wa ku Texas, m'dziko la America, dzina lake Robert Black, adalongosola njira imene Angerezi amaitcha air abrasion. Mpweya wamphamvu umaulutsa ufa wosalala wa aluminium oxide kudzera pa kapaipi kakang'ono, ndipo ufawo umapala malo odwalawo monga momwe mchenga wouluzika ndi mphepo umaperesera mwala. Dzino silinjenjemera kapena kutentha, ndipo kawirikawiri jekeseni safunika. Njirayi idaiwalika pamene makina oboolera othamanga kwambiri adafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, koma idabwereranso m'zaka za m'ma 1990.

Komabe njirayi siingathetse vuto la kumidzi payokha. Imafuna magetsi, makina opopa mpweya, ena oyamwa fumbi, ndiponso ufa wogula kunja kwa dziko lino. Choposa zonse, imathandiza pa bowo laling'ono lokha. Dzino limene laola kufikira pa mtsempha silingachire ndi mpweya.

Chomwecho nkoyenera kuti akuluakulu a zaumoyo ayang'anenso njira ina yobadwira mu Africa momwe muno. Chapakati pa zaka za m'ma 1980, dokotala wa ku Netherlands, Jo Frencken, adayamba ku Tanzania njira yotchedwa ART, imene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidailengeza m'chaka cha 1994. Wachipatala amakokota zoolazo ndi tizipangizo ta m'manja, namata bowolo ndi phala la glass ionomer, limene limatulutsa fluoride wolimbitsa dzino. Ntchito imeneyi siilira magetsi, kotero ingagwiridwe ku Ulongwe, ku Ntaja, ngakhale m'kalasi ya sukulu ya pulayimale.

Maziko adaikidwa kale. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano adayamba m'dziko muno m'chaka cha 2019, ku sukulu imene lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa. Chatsala nchakuti zipangizo zomatira mano zifike m'zipatala zing'onozing'ono, kuti kuzula kusakhale yankho lokhalo.

Makolo, aphunzitsi ndi mafumu nawonso ali ndi udindo. Akuluakulu adati mmera mpoyamba. Mwana akaoneka ndi kadontho kakuda pa dzino, apite naye ku chipatala sabata lomwelo, dzinolo lisadayambe kupweteka. Njira ziwiri zonsezi zimapulumutsa dzino la munthu wofika msanga, ndipo dzino la munthu wamkulu likazulidwa silimeranso.