Mbewu za GMO: tisathamangire, tisakane mwaumbuli

Mlimi wa ku Bolero, m'chigwa cha Nkhamanga m'boma la Rumphi, ndi banja la msodzi ku Nkhotakota amakumana pa mbale ya nsima. Chimanga chikavuta kumtunda, mtengo wa thumba umakwera kunyanja. N'chifukwa chake nkhani ya mbewu zosinthidwa chibadwa, zotchedwa GMO, ikutikhudza tonse.

Nkhaniyi si yachilendo. Pa njala ya 2002, dziko la Zambia, pansi pa Levy Mwanawasa, lidakana chimanga chathandizo cha mtunduwu. Malawi adachilandira, koma adati chigayidwe kaye kuti anthu adye, asadzale. Chaka chomwecho dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la Biosafety Act. Thonje la Bt lidayamba kuyesedwa m'munda wotchingidwa ku Bunda mu 2013, ndipo lidaloledwa kwa alimi patapita zaka zingapo. Olima thonje ku Salima ndi Balaka akulidziwa.

Chomwe chakometsa mbewuzi m'maso mwa ena ndi ntchemberezandonda, zomwe zidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017. Amene mbozi zidamudyera munda samva za mawa.

Komabe mafunso a makolo ndi omveka. Loyamba kwa ife Asilamu nlakuti, kodi ndi halaal? Tidziwe kuti chomwe amaika mu mbewu ya Bt chimachokera ku kachilombo ka m'dothi, Bacillus thuringiensis, osati ku nkhumba monga ena amanenera. Tidziwenso kuti si haibulidi aliyense amene ali GMO. Pa mbewu ina iliyonse yatsopano, masheikh athu auzidwe gwero lake asanapereke chigamulo.

Funso lachiwiri ndi lolemera kwambiri pa chimanga kuposa thonje. Mungu wa chimanga umauluka ndi mphepo, ndipo minda yathu ndi yogundana. Mayi wosunga mbewu ya makolo m'nkhokwe adzatetezedwa ndi ndani? Nanga mbewu ikamagulidwa chaka ndi chaka kwa kampani, mtengo adzauletsa ndani kukwera?

Ife tikuona kuti nzeru ya 2002 ikadali yothandiza: kulandira chothandiza, koma motchinga. Paketi ilembedwe poyera chomwe chili m'kati. Zotsatira za kafukufuku zifotokozedwe m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, pa wailesi ndi pa misonkhano ya alangizi, chilolezo chisanaperekedwe. Nthaka tidapatsidwa ngati amanah, ndipo mungu ukauluka subwezedwa.