Mwana wamkazi akamapita kunja yekha, tiyambire pa kachikwama kakang'ono



Chaka chilichonse zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, ife aphunzitsi achizimayi pasukulu pano timayamba kulandira alendo. Amabwera amayi a konkuno ku Makata, ena a ku Goliyo, ku Chinseu ngakhale ku Machinjiri, wina atagwira kalata, wina foni. Mwana wapeza malo a sukulu ku Uganda kapena ku Turkey. Wina waitanidwa ndi azakhali ake ku Joni. Wina amulonjeza ntchito ku maiko a Aluya. Pafupifupi onse amayamba ndi funso limodzi: "Aphunzitsi, kodi akakafika kumeneko sakavula mpango?"

Funsoli ndi labwino ndipo tiliyankha m'munsimu. Chimene chimatidandaulitsa n'chakuti ndi amayi ochepa amene amafunsa kuti pasipoti ya mwanayo ikakhala m'manja mwa ndani, wokamulandira ndani, nanga zikakavuta akathawira kuti. Timatha sabata yonse tikusankha madiresi ndi mipango, koma mapepala timawalongedza usiku womaliza magetsi atazima. Maganizo athu ndi akuti tasemphanitsa zinthu. Kulongedza kuziyambira pa mapepala, zovala zizibwera pambuyo.

Tikudziwa kuti ena anena kuti nkhaniyi siyofunika n'komwe kuikamba, poti mkazi wachisilamu sayenera kuyenda ulendo wautali popanda mahram, kutanthauza mwamuna wake kapena m'bale wamwamuna amene sangakwatirane naye. Maganizo amenewa timawalemekeza. Maulama akhala akusiyana pa nkhaniyi kuyambira kale: ena salola konse, ena amalola ngati njira ili yotetezeka ndipo mkaziyo ali pakati pa anthu odalirika. Mu 2022 boma la Saudi Arabia linalengeza kuti mkazi akhoza kukachita Hajj kapena Umrah popanda mahram. Ife si opereka fatwa, ndipo banja lililonse lifunse masheikh ake. Koma tikunena zimene tikuona ndi maso: atsikana akupita. Bambo wolandira malipiro a pafakitale kuno ku Makata sangagule matikiti awiri a ndege. Ndipo mwana amene kunyumba amukaniza ngakhale kukamba za ulendo saleka kuuganizira. Amakakamba ndi ejenti pa WhatsApp, n'kunyamuka mobisa osadziwa chilichonse.

Mu 2024 a BBC Africa Eye anaonetsa nkhani ya amayi achimalawi amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, koma n'kukapezeka akugwira ntchito za m'nyumba ngati akapolo. Ambiri analandidwa pasipoti atangofika. Kumeneko wantchito wochokera kunja amamangirizidwa kwa bwana amene anamubweretsa, pa dongosolo lotchedwa kafala, kotero kuti kuchoka panyumbapo popanda chilolezo cha bwanayo kumasanduka mlandu. Amayi oposa 50 anabwerera kwawo chifukwa cha gulu la pa WhatsApp limene anayambitsa mayi Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America. Amayi amenewa anavutikira m'dziko la Asilamu, m'nyumba zimene adhana imamveka kasanu patsiku. Tikunena izi kuti makolo asamagone tulo pongomva kuti mwana akupita "kwa Asilamu anzathu". Anthu oipa mtima ali paliponse. Malawi ali ndi lamulo lothana ndi mchitidwe wozembetsa anthu la chaka cha 2015, koma mwana ali kale kutsidya kwa nyanja, lamulolo limamufika mochedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

N'chifukwa chake tikuti chinthu choyamba ndi kachikwama kakang'ono kamene sikachoka pathupi, kovala m'kati mwa abaya kapena diresi. Mmenemo mukhale pasipoti, tikiti, kalata ya sukulu kapena mgwirizano wa ntchito wolembedwa m'chilankhulo chimene mwanayo amamva, ndi pepala lolembedwa pamanja lokhala ndi dzina, adiresi ndi nambala ya foni ya wokamulandira. Foni imatha moto, imabedwa, imalandidwa. Nambala ziwiri za kunyumba aziloweze pamtima monga analowezera masura ku madrasa. Adziwenso ofesi ya kazembe wa Malawi imene ili pafupi ndi kumene akupita, monga ya ku Pretoria, ku Cairo kapena ku Kuwait. Mapepala onsewa achitidwe fotokope: ina itsale kunyumba kwa mayi, ina ilowe m'chikwama chachikulu. Maiko ambiri safuna pasipoti yotsala ndi miyezi yosakwana isanu ndi umodzi kuti ithe, ndiye onani tsiku lake musanagule tikiti. Ngati ulendo ndi wa ntchito, kafunseni kaye ku ofesi ya zantchito ngati ejentiyo ndi wodziwika ku boma.

Mwana wathu amve izi kuchokera pakamwa pa mayi ake: pasipoti imaperekedwa kwa wa imigireshoni kapena wapolisi, iye n'kuiona n'kubweza pomwepo. Ejenti, bwana, kondakitala kapena "anti" amene akuti abweretse amusungire, ayankhidwe mwaulemu kuti ayi. Ndalama nazo zisakhale malo amodzi. Agogo athu ankamanga ndalama pansonga ya chitenje, ndipo nzeruyo ikadali yothandiza. Telala aliyense wa mumsika wa Ndirande angasoke kathumba m'kati mwa diresi kapena siketi yamkati pa mtengo wochepa.

Pali mwambo wina wathu umene tiyenera kuuphwanya. Zikamveka kuti uje akupita ku Joni, anthu amayamba kufika ndi timaphukusi: usipa wa mwana wanga, mankhwala a mlamu wanga, kalata ya bambo a ana. Kukana kumaoneka ngati mwano, makamaka kwa mtsikana amene tamuphunzitsa kulemekeza akulu. Koma pachipata chilichonse katundu ndi wa amene wamunyamula. Muli Amalawi m'ndende za kunja chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo opezeka m'katundu, ndipo mawu akuti "anangondipatsira" sapulumutsa munthu kukhothi. Udindo wokana usagwere mwana. Mayi kapena bambo ndiye anene kuti kaphukusi kalikonse katsegulidwe pamaso pa onse, ndipo ka munthu wosadziwika kasalandiridwe ngakhale pang'ono, kaya ndi pa Wenela kaya ndi pa Chileka.

Tsopano tibwere ku zovala. Wopita ku Johannesburg pabasi amatuluka pa Mwanza n'kulowa pa Zobue, amadutsa Tete kumene kumatentha ngati ng'anjo, amalowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare ndi Beitbridge. Ndi zipata zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mzere wake mbali zonse ziwiri. Ulendowu umadya usana ndi usiku, nthawi zina masiku awiri. Ngati ndi mu June kapena July, amakafika ku Park Station kukuzizira mwakuti Chiperoni chathu chimaoneka chamasewera. Abaya yakuda yansalu yoterera imamuphika ku Tete ndipo siimufunditsa ku Joni. Yaitali yokwekwereza pansi imakolopa zimbudzi za pachipata, ndiye Swala akaswali nayo bwanji? Ife timalangiza diresi lotakasuka la thonje lofika m'kakolo, buluku lopepuka m'kati, juzi ndi jekete la pakaunjika zovala ndi kuvula mosavuta, masokosi, ndi nsapato zafulati zoti akhoza kuthamanga nazo basi ikamanyamuka. Nsapato zatsopano zapatali zidikire tsiku la Eid.

Chitenje asachisiye. Ndi chofunda usiku m'basi, ndi chotchinga posintha zovala, ndi chopukutira pambuyo pa wudhu, ndipo chikakhala choyera ndi mswala. Palibe chinthu china cholemera pang'ono chotere chimene chingagwire ntchito zinayi.

Wokwera ndege adziwiretu za pamalo ofufuza. Mapini ambiri a mpango amaliza makina, ndiye tsiku limenelo avale mpango wosafuna mapini kapena wa pini imodzi. Akafuna kumusecha m'thupi kapena kuona pansi pa mpango, apemphe kuti achite zimenezo ndi wapolisi wamkazi, pamalo obisika. Kupempha kotero si mwano ndipo m'mabwalo a ndege anazolowera. Wovala nikabu adziwe kuti nkhope iyenera kuonetsedwa kuti aifananize ndi chithunzi cha papasipoti. Zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja, monga mafuta odzola ndi perefyumu, zisapitirire mamililita 100 pa botolo, apo ayi zimatsala pomwepo. Pa ndege zambiri chikwama chachikulu chimodzi chimalekezera pa makilogalamu 23, cha m'manja pa 7, koma werengani zimene zalembedwa pa tikiti. M'chikwama cha m'manjacho muikemo zovala za tsiku limodzi, mpango wina, mapadi, mankhwala amene amamwa pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndi chaja. Chikwama chachikulu chimatha kutsala ku Addis Ababa mwini wake atafika kale ku Istanbul.

Malamulo a kavalidwe amasiyana dziko ndi dziko, ndipo safunsa anadya phula. Ku France lamulo la 2004 limaletsa mpango wachipembedzo m'sukulu za boma za pulayimale ndi sekondale, ndipo la 2010 limaletsa kuphimba nkhope pagulu. Ku Iran lamulo limalamula mkazi aliyense kuphimba kumutu. Ku South Africa, ku Uganda ndi ku Turkey wovala hijab amayenda ndi kuphunzira momasuka. Izi zifufuzidwe mwana asanavomere malo, osati atafika kale.

Nanga funso lija la amayi, loti kodi sakavula mpango? Yankho lathu ndi lakuti mpango umene mwana amavala poopa maso a anthu a pamzikiti wa kwawo ukhoza kukathera pa Mwanza. Umene amavala akudziwa chifukwa chake amapita nawo kulikonse. Ana athu adziwe kuti ngakhale kuno kwathu ufulu umenewu sunabwere wokha. Mu 2019 kunali mkangano waukulu ku Balaka pa nkhani ya hijab m'sukulu, ndipo mu 2021 atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, anasainirana mgwirizano wolola atsikana achisilamu kuvala hijab m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Mwana wodziwa mbiri imeneyi akafunsidwa ndi mnzake wa m'chipinda chimodzi ku yunivesite kuti bwanji amaphimba kumutu, amayankha modekha, osachita manyazi komanso osanyoza amene saphimba.

Tisamunamizenso kuti chovala chake ndi chishango. Dziko lino linali ndi lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala buluku ndi masiketi aafupi, limene linathetsedwa pa nthawi yosintha kupita ku ndale za zipani zambiri. Mu January 2012 akazi anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mabuluku, ndipo amayi anachita msonkhano waukulu wodzudzula zimenezo mumzinda uno. Tinaphunzirapo kuti wolakwa ndi wochita chipongwe, osati wochitidwa. Mtsikana wovala abaya nayenso amagwiridwa m'basi usiku. Ngati tamuuza kuti wovala bwino sachitidwa chipongwe, tsiku limene zidzamuchitikire adzakhala chete poganiza kuti walakwa ndi iye. Timuuze kuti akweze mawu, asinthe mpando, akakhale pafupi ndi mayi wachikulire, ndipo atiimbire foni osaopa kuti timukalipira.

Swala nayo ilowe m'dongosolo la ulendo. Chisilamu chinapeputsira wapaulendo: Swala za maraka anayi amaswali awiri, ndipo akhoza kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, komanso Maghrib ndi Isha. Madzi akasowa pali tayammum. Izi ana amaziphunzira m'kalasi kuti akakhoze mayeso, koma ambiri sanazichitepo. Aziyeserere kunyumba asananyamuke, kuti akadzaima pa Beitbridge pakati pausiku asadzaone ngati kusiya Swala ndiyo njira yokhayo. Anyamulenso kamba wake, monga mtedza wokazinga, mabisiketi ndi madzi, poti panjira si paliponse pamene angatsimikize kuti nyama ndi ya halal.

Pempho lathu kwa akuluakulu a sukulu ndi komiti ya makolo ndi lakuti teremu yachitatu ya Fomu 4 izikhala ndi tsiku limodzi la nkhani imeneyi, atsikana pamodzi ndi amayi awo, ndipo tiitane ophunzira athu akale amene anayendapo kuti adzafotokoze okha. Kwa inu makolo, mwana akabwera ndi nkhani ya ulendo musayambe ndi kukalipa. Khalani naye pamphasa, muone kalatayo, muimbire nokha foni wokamulandirayo, ndipo chikwama alongedze yekha inu mukuona, kuti adziwe pamene pali chilichonse. Mukamupangira duwa pakhomo, mufunseni komaliza kuti pasipoti ili pati, ndipo ayankhe poigwira ndi dzanja.

Allah awasunge ana athu popita ndi pobwera. Ameen.