Magazi Sanama, Tiyeni Tikapimitse

Pano pa Kafue alipo anthu amene amakana kupimitsa magazi, ati acipatala amawagulitsa kwa a Satana. Bodza limeneli likupha anthu.

Zoona zake ndi izi. Powelenga CD4, amasakaniza magazi pang'ono ndi ma antibody okhala ndi utoto wowala, wina wocokela ku ndele za m'nyanja. Ma antibody amamatila asilikali a m'thupi, ndipo makina amawaunika ndi kuwawelenga mmodzimmodzi monga ng'ombe pa cipata ca khola. Akacepela 200, TB ndi matenda oumitsa khosi ali pakhomo.

Kuyambila 2017, boma limapatsa ma ARV aliyense wopezeka ndi HIV, osadikila CD4 kutsika. Abale, mlimi wanzelu amayendela nkhokwe anankafumbwe asanatsilize cimanga. Tiyeni tikapimitse.